Kalozera Amene Ndinagumula

Pepala langa lakale linali la kusamalira nthaka. Ndinalitenga ndili mnyamata, nditaphunzira miyezi ingapo pasukulu ina ya ntchito zamanja, ndipo linandidyetsa zaka zoposa makumi awiri popanda wolifunsa. Ndinali mlangizi wa m'minda pa kabungwe kena ka m'tauni ya Zomba. Ntchito yanga inali kuyenda ndi alimi m'malo otsetsereka, kuyambira m'munsi mwa phiri mpaka ku Songani, kuwaonetsa kaikidwe ka akalozera. Kalozera ndi mzere waukulu wodula malo otsetsereka chopingasa, wopimidwa bwino kuti madzi akafika pamenepo aime ndi kulowa pansi, ndipo mizere ina yonse ya m'munda imatsata iyeyo. Zida zake n'zochepa: chingwe, ndodo ziwiri, kalevulo kokoleka pachingwepo koonera ngati chingwecho chalingana, zikhomo ndi khasu. Ntchito imeneyi ndimaidziwa, ndipo pamenepa sindipepesa munthu.

Tsiku lina abwana anga anandiitanira mu ofesi, nandipatsa mpando, zomwe sankachita kawirikawiri. Anati maphunziro athu akale awaphatikiza. Kale wina ankaphunzira za mbewu, wina za mitengo, wina za nthaka, aliyense ndi pepala lake. Tsopano zonsezo zinali phunziro limodzi la ulimi ndi kasamalidwe ka malo, awonjezamonso za kusintha kwa nyengo ndi kupima malo ndi foni. Amene ankatipatsa thandizo kuti bungwe liziyenda ankafuna kuti mlangizi aliyense akhale ndi satifiketi yatsopanoyo chaka chisanathe.

"Ndiye langali latani, bwana? Lavunda?" ndinafunsa.

"Silinavunde, madala. Langokalamba ngati eni ake," iwo anatero akuseka. Kenako kusekako kunatha. "Popanda latsopanolo, kontirakiti yanu sindingaisaine. Izi n'zochokera kumtunda, si zanga."

Ndinatuluka mtima ukuwira. Kunyumba ndinakalipira ana pa nkhani ya ndowa imene sinalakwe chilichonse. Ndinali ndi ana awiri ku sekondale, ndipo pa msinkhu wanga palibe bungwe limene likanandilemba ntchito ina. Ndinachita mantha, ngakhale panja ndinkangoonetsa ukali.

Kunena chilungamo, kuphatikizako sikunali kopusa. Mlimi sayitana alangizi atatu pamunda umodzi. Akakuona umayankha za mbozi, za mtengo wa m'malire, za madzi odutsa pakhomo, zonse pakamodzi. Ine ndinakhala ndikuyankha zonsezi zaka zambiri. Chimene chinandipweteka n'chakuti anthu amene anakonza zimenezi anakhala m'chipinda chozizira, namata timapepala pakhoma, ife oyenda m'matope osatifunsa. Komabe anatichitira chifundo chimodzi. Ife akale sanatikakamize kubwerera m'kalasi. Anati tibweretse umboni wa ntchito zimene tinagwira, kenako kudzabwera woyesa kudzationa tikugwira ntchito ndi manja athu.

Umboniwo ndinayamba kuufuna pamwamba pa phiri. Ndili wamng'ono pantchito ndinathandiza kudzala mitengo m'mbali mwa kamtsinje kena kumeneko, ndipo ndinkaganiza kuti chithunzi changa nditaima pakati pa mitengoyo chikanalankhula chokha. Ndinakwera m'mawa ndi foni ya mkazi wanga, poti yanga sijambula. Ndinapeza zitsa zokhazokha, zina zakuda ndi moto, pakati pake wina atadzala mbatata ya kachewere m'mizere yoloza kumtsinje. Anthu osenza matabwa ankandidutsa akutsika, thukuta lili kamukamu, osadabwa n'komwe kuti mkuluyu waimiranji pamenepa. Sindinajambule kanthu. Ndinadya nthochi zimene ndinatenga n'kutsika.

Ku Songani akalozera ambiri analipo, koma kalozera salembedwa dzina. Komanso ntchito yathu ili ndi vuto limodzi: ikagwirika bwino, palibe chooneka. Munda umangokhala munda. Chigwembe chimene sichinang'ambike sungachijambule.

Woyesa uja ndinakumana naye kuholo ina m'tauni, kumene anatisonkhanitsa ife akale. Anali mayi wa zaka zochepa kwa ine, wolankhula modekha, wovala nsapato zoyendera m'munda. Ndinamuuza kuti ndili ndi munda wanga kumtunda kwa Mtiya umene ndinaukonza ndekha, abwere adzaone.

"Bambo, zomalizamaliza sitiyesa," anatero. "Aliyense akhoza kuloza kalozera n'kunena kuti ndi wake. Fomu ikufuna ndikuoneni kuyambira pokhoma chikhomo choyamba mpaka podzala udzu, pamalo osakonzedwa. Mupeze malo, ine ndibwera Lachinayi la sabata yamawa."

Sanalakwe mayiyo. Ndinafuna kumuda koma ndinasowa pomudera.

Vuto linali nthawi. Kunali kumapeto kwa chilimwe, mvula yoyamba itawaza kale kamodzi, aliyense atapanga mizere, ambiri atadzala. Ndinayenda makomo angapo kupempha malo otsetsereka oti ndiyeserepo. Amene ndinawathandiza zaka zonsezi ankandilandira bwino, kundipatsa madzi akumwa, koma pa nkhani ya munda ankayang'ana kumbali. Sindiwadzudzula. Munthu sangapereke munda wodzala kale kuti alendo adzapondemo chifukwa cha pepala la mnzake.

Ndiye ndinayang'ana munda wanga. Ndi kamunda kopendekeka, kokanirira m'munsi mwa phiri. Kumtunda kwake kumadutsa njira ya anthu otsika ndi nkhuni ndi matabwa, ndipo chidulireni mitengo kumwambako njirayo imasanduka mtsinje mvula ikagwa. Madzi onsewo ankafikira pa kalozera wanga woyamba, wakumtunda kwenikweni, amene ndinamuumba chaka chimene ndinakwatira. Pamsana pake panali udzu wa vetiva wothithikana, mizu yake yozama moti khasu linkachita kudumpha. Madzi akafika pamenepo ankatha mphamvu, n'kuyenda pang'onopang'ono m'mbali, n'kulowa pansi. Ine ndinkadziwa bwino lomwe ntchito imene mzere umenewo unkagwira. Ndikunena izi kuti wina asandichepetsere mlandu poganiza kuti sindinkadziwa.

Nzeru imene inandibwerera inali yakuti ndigumule chigawo chapakati cha kalozerayo, ndisalaze, pakhale ngati malo osakonzedwa, kenako ndidzamuumbenso pamaso pa woyesa. Kugumula Lachiwiri ndi Lachitatu, kuumba Lachinayi. Kumwamba kunali mbee, dzuwa likuswa mtengo. Masiku awiri okha, ndinadziuza.

Mkazi wanga atamva anaika pansi lichero.

"Bambo a ana, mwayamba misala? Inu nomwe mumauza anthu kuti kalozera sakhudzidwa mvula ikayandikira."

"Ndiye ndikapeze kuti malo? Ukufuna ndikhale pakhomo pano tizipenyana?"

"Nanga amayi a kumunsiwa mwawauza?"

Ndinatenga khasu ndi piki n'kutuluka.

Amayi a kumunsi anali mayi wamasiye wachisilamu amene munda wake unayambira pamene wanga unathera. Tinakhala moyandikana zaka zambiri. Pa Idi ankatitumizira mpunga, pa Khirisimasi ife tinkawatumizira nkhuku yamoyo kuti akaizinge okha mwa chipembedzo chawo. Ana awo anali kutali, wamkazi anakwatiwa ku Songani. Munda umenewo ndiwo unali chakudya chawo chonse: chimanga, nandolo, ndi chinangwa pang'ono m'mphepete. Chaka chimenecho anali atadzala msanga, chimanga chitamera bwino, masamba atatu atatu.

Vetiva anandivuta. Ndinagwira masiku awiri athunthu, manja anatuluka matuza ngati munthu wa mu ofesi. Ndinazula, ndinaunjika mapesi ake pamthunzi kuti ndidzadzalenso, ndinasalaza dothi mpaka panakhala mpata wotalika ngati minibasi zitatu zitandandalikana. Lachitatu madzulo amayi aja anakwera ndi ndodo yawo, naima kuyang'ana.

"Achimwene, chikuchitika n'chiyani kuno? Mpanda wathu uja mwaupasula?"

Ankautcha mpanda wathu, ndipo sankalakwa.

"Ndi za mayeso, amayi. Mawa lomweli ndibwezeretsa. Musadandaule."

"Aa, inu ndinu odziwa. Ife timangoona," anatero. Anayang'ana kuphiri kanthawi, kenako anatsika.

Lachinayi ndinadzuka mbandakucha, ndinasema zikhomo zatsopano, ndinavala malaya ochapa. Dzuwa linafika pamutu woyesa osaoneka. Kenako foni inalira. Galimoto yawo inali pamzere wa mafuta kuyambira dzulo lake, ndipo anati tisinthe, abwera Lachiwiri.

Apa ndiye pamene ndinalakwa kwenikweni. Kugumula kunali kupusa, koma kusiya mpatawo masiku ena asanu kunali kuipa mtima. Ndikanatha kuumba tsiku lomwelo, n'kudzagumulanso Lolemba. Koma manja anali akuwawa, ndipo ndinkaopa kuti dothi lokumbidwa kawiri lidzaonekera, woyesa adzazindikira kuti malowo ndachita kuwakonzera. Ndinaganizira pepala. Mkazi wanga anandiuza Lachisanu kuti nditseke mpatawo, anandiuzanso Loweruka. Lamulungu pochokera kutchalitchi anangoloza mitambo imene inayamba kuunjikana kuseri kwa phiri. Ine ndinamukalipira kuti asandiphunzitse ntchito yanga.

Mvula inagwa Lolemba masana. Ndinali m'tauni, ndikusindikiza mafomu pafupi ndi msika. Kunada mwadzidzidzi, mphepo inaulutsa mapepala a ogulitsa, ndipo phiri lonse linabisika. Ndinathawira pakhonde la sitolo pamodzi ndi anthu ena. Iwo ankasangalala, wina akuti chaka chino yayamba bwino, wina akuseka amayi othamanga ndi madengu a tomato. Ine ndinkayang'ana ngalande ya m'mbali mwa msewu. Poyamba madzi anali oyera, kenako anafiira, kenako anayamba kubwera ndi zinyalala ndi timiyala. Sindinadikire kuti mvula ikate, ndinaika mafomu m'jumbo n'kuyamba kuthamanga, munthu wamkulu ndithu, anyamata a kabaza akundikuwiza.

Nditafika inali itachepa. Madzi a m'njira ija anapeza khomo limene ndinawatsegulira. Onse analowera pampata uja, nadula mizere yanga umodzi umodzi, ndipo pofika m'malire anali ndi mphamvu imene akalozera ang'onoang'ono a kumunsi sakanaithetsa. Kwanga kunawonongeka, koma pang'ono, chifukwa nthaka yanga inali yogwirana ndi mizu. Munda wa amayi aja ndiwo unang'ambika pakati, kuchokera kumtunda mpaka kumunsi. Chigwembe chake chinali chofika m'chiuno, pansi pake pakuoneka miyala. Mbali zonse ziwiri dothi lakuda linasesedwa, ndipo chimanga chinali chitagona m'matope kumunsi kwenikweni, pafupi ndi chimbudzi chawo, mizu ili m'mwamba.

Iwo anali momwemo, chitenje chili chonyowa, akutola mbande imodzi imodzi n'kumaziika m'beseni ngati zingadzalikenso. Ndinaima kumtunda ndi jumbo yanga ya mafomu. Ndinafuna kuti atukwane, andiitanire anthu, andigende. Ndikanadziwa choyankha, poti kukangana ndimakutha. Koma anangodzutsa mutu.

"Mwabwera, achimwene? Madzi aja adutsa."

"Amayi, ndalakwa ine."

"Basi. Zachitika," anatero, n'kuweramanso.

Kunyumba mkazi wanga sananene kuti ndinakuuzani. Anangondiikira madzi osamba.

M'mawa mwake woyesa anabwera, galimoto itapeza mafuta. Ndinali nditatseka kale mpata uja mwachangu ndi miyala ndi dothi, poopa mvula ina, ndiye malo osakonzedwa panalibenso. Ndinakonzeka kumuuza kuti mayeso alephereka. Koma iye atatsika n'kuona chigwembe chija, nkhope yake inasintha. Anatsegula mafomu ake. M'maphunziro atsopanowa, anati, muli gawo la kukonza malo owonongeka, ndipo gawo limeneli limavuta kuyesa chifukwa chigwembe chatsopano sichipezeka pa tsiku limene woyesa wabwera. Ngati ndingathe kuonetsa katsekedwe kake, kupima ndi kudzala udzu zonse zidzalowa momwemo.

Ndinavomera, ndipo ndinavomera msanga. Manyazi anabwera pambuyo, chimene chinabwera poyamba chinali mpumulo.

Ndinagwira ntchito tsiku limenelo kuposa tsiku lina lililonse m'moyo wanga. Ndinapima kutsetsereka kwa chigwembe, ndinakhoma zikhomo za nsungwi m'mizere yopingasa, ndinaluka timipanda, ndinayala miyala kuseri kwake kuti madzi akagwa asakumbe. Vetiva amene ndinazula uja ndinamudzala m'milomo ya chigwembe. Amayi aja, poona kuti anthu ali m'munda mwawo, anabwera n'kuyamba kututa miyala pamutu osapemphedwa. Woyesa ankajambula ndi kulemba, nthawi zina n'kugwedeza mutu movomereza.

Kenako anafika pa mafunso apakamwa.

"Tandiuzani, bambo. Chigwembe ngati ichi chimayamba bwanji?"

"Madzi akasonkhana malo amodzi kumtunda, osapeza chowatchinga."

"Nanga pano chinachitika n'chiyani?"

Amayi aja anali pomwepo, mwala uli pamutu. Ndinayang'ana chingwe chimene chinali m'manja mwanga.

"Kalozera wa kumtunda anagumuka," ndinatero.

Sindinati ndinagumula. Ndinati anagumuka, ngati mmene chimagwera chipupa chakale. Woyesa analemba. Amayi aja anatula mwala pamalo pake n'kupita kukatenga wina.

Pomaliza panatsala tsamba limodzi. Maphunziro atsopanowa amafuna kuti mlimi amene wathandizidwa achitire umboni kuti mlangizi wagwira ntchito yake bwino ndi mwaulemu. Woyesa anawaitana amayi aja, nawawerengera mawuwo pang'onopang'ono, n'kuwafunsa ngati akugwirizana nawo. Ine ndinaima pambali nditagwira khasu. Mawu awiri okha akanakwana kundimaliza, ndipo akanakhala oona.

"Bambo awa mumawadziwa bwanji, amayi?"

"Ndi a kumtunda kwangaku. Takhala limodzi kalekale."

"Ntchito yawo mukuiona bwanji?"

"Ntchito amaidziwa," anatero. "Ndidinde pati?"

Anapukuta chala pachitenje kuchotsa matope, nadinda. Woyesa atapita kugalimoto, iwo ananditembenukira.

"Ndiye zatheka, achimwene? Sakuchotsani ntchito?"

"Sandichotsa, amayi."

"Alihamudulila, Mulungu atamandike. Ana aja aphunzire."

Satifiketi inabwera patapita miyezi, yokongola, yokhala ndi chidindo chonyezimira. Abwana anasaina kontirakiti, nandigwira chanza, nanena kuti mwa akale onse ine ndinakhoza bwino kwambiri. Chithunzi chimodzi cha tsiku lija anachipachika mu ofesi: ine ndikukhoma chikhomo, kumbuyo mayi wosenza mwala. Ndinapempha kuti achichotse, iwo n'kumayesa ndikudzichepetsa.

Timipanda tija tinagwira. Chigwembe chinasiya kukula, ndipo chikukwiririka pang'onopang'ono. Koma dothi lakuda limene linapita silibwerera chifukwa choti munthu wapepesa. Ndinawapatsa mbewu ina, ndinawathandiza kudzalanso, ndinatuta manyowa a kwanga kupititsa kwawo. Chimanga chinamera chachikasu, chinafika m'mawondo n'kuima. Pokolola ndinawatumizira matumba a kwanga. Analandira loyamba, lachiwiri anabweza, anati nanenso ndili ndi ana.

Chaka chotsatira sanalime. Mwana wawo wa ku Songani anabwera kudzawatenga, poti munda sukanawadyetsanso ndipo mphamvu zoyambiranso analibe. Tsiku lonyamuka anakwera kwathu ndi ndodo yawo kudzatsanzika. Anakhala pamkeka ndi mkazi wanga, nacheza za mvula ndi za adzukulu, ine ndili chapatali ndikunamizira kukonza mpini. Ponyamuka anandiitana, namasula mfundo ya pachitenje, n'kutulutsa kiyi wa nyumba yawo.

"Muzindionerako, achimwene. Mwina ndidzabwera nthaka ikadzachira."

Tonse awiri tinkadziwa zaka zimene nthaka imatenga kuti ichire, ndipo tonse tinkadziwa zaka zawo. Ndinalandira kiyiyo ndi manja awiri. Ndinawanyamulira kachikwama kawo mpaka pamsewu, ndipo njira yonse sindinathe kuwayang'ana kumaso.